Sitediyamu ya pamutu panga

Ndikulemba izi nditavala chipewa m'nyumba, ndipo mayi akunyumba andichenjeza kuti ndisamachivule ana akamadya. Chandifikitsa apa ndi mpira. Mpira woti sindinausewere, sindinauonere, ndipo matimu akewo amakhala ku Blantyre, makilomita oposa 300 kuchokera pa Mitundu pano.

Loweruka lapitali ndinalowa m'kanyumba kena kometera kumsika kuno. Ndinkangofuna kuchepetsako tsitsi, poti mawa lake kunali ubatizo wa mwana wa mlamu wanga. Wometayo ndi mnyamata waulemu, amanditchula kuti aphunzitsi, koma ndi Maule wam'magazi, sapota wa Bullets. Khoma lofiira, thawulo lofiira, chipeso chofiira, ngakhale tambala amene amayendayenda pakhomo pake ndi wofiira. Atangondimanga nsalu m'khosi n'kuyatsa mashini, panja panaima njinga ya kabaza. Mwini wake ndi Noma, sapota wa Wanderers, wa jezi yabuluu yomwe inasuluka ndi dzuwa mpaka ikuoneka ngati ya Silver.

Moni sanapereke.

"Aise, paja mumati mumadzaza sitediyamu? Tsiku lija pa Kamuzu munalipo angati?"

Mashini anaima pamwamba pa khutu langa lakumanzere.

Kale mikangano yotere inkakhala ya zigoli ndi zikho. Koma Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndiye Noma wanzeru nkhani ya zikho ankailambalala ngati ngongole ya pagolosale. Mu 2024 Silver Strikers inalanda ligiyo, a Maule nawo n'kuyamba kuchita chibwibwi. Chinatsala ndicho kuwerenga mitu. Tsoka lake mutu umene unali pafupi unali wanga.

"Aphunzitsi, taweramani pang'ono," anatero wometa. Ine kuwerama, ndikumayesa akufuna kukonza kunkhongo. Ayi ndithu, amafuna bolodi. "Taona apa iwe. Dazi ili ndiye pitchi." Wakabaza anayandikira, nalisuzumira dazi langa, navomereza kuti likufananadi ndi kapinga wapulasitiki wa pa Kamuzu Stadium, pena posalala, pena poperepeseka. Pa mfundo yokhayi ndi pamene anagwirizana.

"Uku kunkhongo ndi ku sitandi ya Biafra. Ukuona mmene ladzadzira? Awa ndi Maule, timu ya fuko. Ndiye uku," mashini anayatsidwanso, ndinamva kamphepo mbali yonse yakumanja, "uku ndi kwanu. Werenga wekha. Muli munthu?"

Munalibedi munthu. Pagalasi ndinaona mpala kuyambira pakhutu mpaka paliwombo.

Wakabaza analanda chipeso. Anati Manoma ndi Nyerere, sizikhala malo amodzi, zimamwazika ponseponse, ndipo anayamba kuzifufuza pakati pa a Maule akunkhongo aja, kukoka tsitsi limodzilimodzi. Atapeza imvi anakuwa kuti awa si a Bullets, awa ndi aganyu, anthu ongobwera kudzachemerera aliyense amene akumenya Noma. Wometa anati imvi ndi madala amene anayamba kusapota timu isanasinthe dzina, idakali Bata Bullets, Wanderers ikutchedwa Limbe Leaf. Ine ndinali chete, khosi lili pansi ngati nkhuku ya alendo. Akuluakulu anati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, koma sanatiuze kuti udzuwo ukhoza kukhala pamutu pa munthu woti walipira.

Pabenchi panali mkulu wina, ndipo uyu ndiye ndili naye chifukwa. Sanabwere kudzameta. Sabwera kudzameta. Amabwera kudzatchaja foni, ndipo amakhala pomwepo kuilondera ngati mayi pamphika wa nyemba. Mtundu wa anthu awa uli pa tireding'i iliyonse: sagula kanthu, sagulitsa kanthu, koma chiwerengero cha chilichonse ali nacho. Anazula foni ku magetsi, natsegula Facebook, natambasula chithunzi ndi zala ziwiri mpaka anthu onse anasanduka madontho ngati mapira. "Achimwene, apa pokha pali 60,000." Chithunzicho chinali cha pa Bingu National Stadium. Ndinayesa kulankhula kuchokera m'nsalu muja kuti bwalo la ku Area 48 lija, lomwe linamangidwa ndi ngongole ya ku China n'kutsegulidwa mu 2017, limalowa anthu ongopitirira 40,000 pang'ono. Anandiyang'ana mondimvera chisoni. Anati enawo anali kuchimbudzi pamene chithunzi chinkajambulidwa.

Anthu 20,000 kuchimbudzi! Mkuluyu akanakhala mlembi wa mwambo wa maliro, mndandanda wa chipepeso ukanaonetsa kuti kunabwera anthu ambiri kuposa a m'boma lonse la Lilongwe, koma mbale ili ndi ndalama yogulira mchere basi. Ndi yemweyu amene amadziwa malipiro a osewera aliyense, mtengo wa fodya ku Kanengo msika usanatsegulidwe, ndi tsiku limene mvula idzayambe. Zonse amazitenga pa gulu lina la WhatsApp limene woyang'anira wake ndi iye yemwe.

Kenako nkhani inafika pa zomangamanga. Paja mu 2019 a Peter Mutharika analonjeza kuti boma limangira matimu awiriwa masitediyamu awoawo, ya Bullets cha ku Zingwangwa, ya Wanderers cha ku Kanjedza. Mwa anyamata awiriwa palibe anaonererako mpira m'menemo, koma onse anali kale pa pulani yokuza.

"Yathu ikangotha tiwonjezera yosanja pamwamba, anthu sakwana," anatero wometa.

"Yosanja? Ife tigwetsa mitengo yonse ya ku Kanjedza, mageti akhala 16."

"Mageti 16 oti adzalowepo ndani? Mbuzi?"

Ndipo poti malo pamutu panga anali atatha, ntchito yokuza inatsikira kumaso. Ndevu za tsaya lakumanja zinachotsedwa kuti pakhale poimika magalimoto. Nsidze anati ndi VIP. Pamene ndinamva akukambirana zoti msewu wolowera udutse pandevu zapamlomo, ndinagwira dzanja la wometa n'kumukumbutsa kuti malowo ndi a mfumu, mayi akunyumba, ndipo sanasainire.

Chimene chimandipweteka ine ndi mawu akuti "ife". Ife tinadzaza. Ife tikumanga. Ife tinalowetsa mamiliyoni pageti. Ife ndani? Wakabaza uja kutali kumene anafikako ndi ku Nathenje, atanyamula mbuzi ya wakasitomala. Blantyre amaidziwira pa wailesi. Wometa analowapo pa Bingu kamodzi, mpira utatsala mphindi khumi, alonda atatsegula mageti kuti anthu azituluka. Tikiti sanaigwirepo, koma ukamumva akufotokoza ndalama za pageti ungayese ndiye msungichuma. Nkhani ya Silver itatchulidwa, adani awiriwa anasanduka pachibale: anaseka limodzi kuti masapota a timu ya Reserve Bank amakwana m'maminibasi awiri, ndipo mpando wakutsogolo umatsalako. Wafoni uja, yemwe ndikumuganizira kuti ndi wa Silver mwakabisira, anangoti ku Area 47 sawerenga anthu, amawerenga ndalama.

"Nanga inu aphunzitsi, ndinu a timu iti?"

Ndikanatha kunama. Koma munthu wometedwa theka alibenso choti abise. Ndinaulula kuti ndine wa Civo, timu ya ife ogwira ntchito m'boma. Kunali zii, kenako phwete. Sindinakwiye, chifukwa ife chiwerengero chathu n'chokhacho chimene chilibe mkangano. Timadziwana mayina. Wina akajomba kumpira timamuimbira foni kufunsa ngati kumudzi kuli bwino.

Kuseka ndinaseka nawo, koma mumtima munali kena. Kudzaza sitediyamu kumene anthu amanyadiraku kuli ndi nkhope inanso. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu, anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa mpanipani wa pageti pa Bingu pomwepo, akufuna kulowa kuti adzaonere Bullets ndi Silver. Amenewo wafoni uja sawawerenga. Ndiponso muyende pang'ono kuchoka pamsika mukaone pamene ana athu amasewera. Magolo ndi a bulugamu, mizere ndi ya phulusa, otchetcha kapinga ndi ng'ombe za pangolo. Oonera amaima mphindi 90 zonse, chigoli chikalowa mudzi wonse umathamangira m'bwalo, wa mandasi yemwe ndi beseni lake. Chipewa chikamazungulira choti tigulire anyamata mpira, akatswiri okuza masitediyamu a ku Blantyre amakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya kasitomala. Benchi ya m'nyumba yometera momwemo ili ndi miyendo itatu, wachinayi ndi njerwa ziwiri, ndipo imalowa anthu anayi ngati wina wapumira m'kati. Imeneyo palibe waganizapo zoikuza.

Komabe sindingawadandaule kwambiri anyamatawa. Chaka chonse pamsika pano nkhani ndi mtengo wa fetereza, mtengo wa sopo, mtengo wa minibasi yopita m'tauni. Munthu wopalasa njinga kuyambira mbandakucha, akapeza mphindi makumi awiri zokhala mwini sitediyamu ya mageti 16, ndani angamulande? Ndimangopempha kuti pulaniyo azijambula pansi ndi kamtengo, monga amachitira anzawo a pabawo.

Tsono wometa atakumbuka kuti pansi pa sitediyamu pali munthu, anapepesa mwaulemu wake uja, nati amalize msangamsanga. Anagwira mashini, nawaika kunkhongo.

Magetsi anazima.

Wafoni ndiye anayamba kudandaula, ati batire lili pa 9 peresenti. Wakabaza anakwera njinga yake n'kutsazika kuti mkangano apitiriza Lachitatu. Wometa anafufuza sizasi, napeza kuti anabwereka telala wa pakhonde, yemwe anali atapita kumaliro. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Pamapeto pake ndinalipira ndalama yonse, chifukwa anati ntchito ya mapulani ndi yodula kuposa kumeta, ndipo ine wandichitira ulere.

Kuubatizo ndinakhala benchi yakumbuyo, chipewa chili m'manja poti m'tchalitchi savala. Mwana wina wa Sande sukulu anandiyang'anitsitsa, nakoka chitenje cha mayi ake n'kunong'ona mokweza kuti agogowa adwala chipere. Lolemba kusukulu ana a Sitandade 7 anandifunsa ngati ndi sitayelo yatsopano, ndipo ndamva kuti awiri akaipempha kale.

Mukandiona pamsika ndili m'chipewa dzuwa likuswa mtengo, ingondipatsani moni n'kudutsa. Mbali ya Manoma tsitsi layamba kumera pang'onopang'ono. Ku Biafra kudakali kodzaza.