Dzina likakula sililewa nkhonya

Makolo a masiku ano akufuna mayina osowa. Mimba ikangofika miyezi isanu ndi iwiri, bambo ndi mayi amakhala pakhonde foni ili m'manja, kufunsa intaneti dzina loti mwana wawo akadzayamba sukulu asadzapeze mnzake wofanana naye. Atopa ndi a Blessings anayi m'kalasi imodzi, ndi a Chisomo oti mphunzitsi akaitana mmodzi mzere wonse umaimirira. Ena amadula dzina la bambo pakati, la mayi pakati, n'kulumikiza zidutswazo, ndipo chotuluka chake agogo akumudzi amayesa kuchitchula kamodzi kokha, kenako n'kumangoti "iwe mwana iwe". Chonsecho pali dzina lachimuna lakwathu konkuno, losavuta kutchula, lodziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, laulere, koma loti mungazungulire masukulu a boma lathunthu osamva mphunzitsi akuliitana m'kaundula. Dzinalo ndi Kamuzu.

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankanena za mwini mbumba kapena nyakwawa, kuti mbuzi ikadya chimanga cha eni, mlandu umafikira iye ngakhale mbuziyo sakuidziwa mtundu wake. Chimene akuluakuluwo sadatiuze n'chakuti dzina nalonso limatha kukula mutu, mpaka makolo kumaliopa kulisenzetsa khanda.

Komatu dzinali lidayamba lochepa kwambiri. Ndi muzu chabe, ndiponso muzu wake waung'ono. Olemba mbiri amati mayi wina wa ku Kasungu adakhala nthawi osaona mwana, sing'anga n'kumupatsa mizu, ndipo mwana atabadwa adamutcha Kamnkhwala, dzina lomwe pambuyo pake lidasanduka Kamuzu. Umu ndi momwe makolo athu ankatchulira ana potuluka m'chikuta: dzina linkasimba zomwe zachitika pakhomo. Wobadwa m'chaka cha njala, wobadwa maliro ali mkati, wobadwa anzake angapo atatsogola, aliyense ankanyamula nkhani yake, n'chifukwa chake tili ndi a Mabvuto ndi a Masiye. Kamuzu linali dzina lothokoza mankhwala achikuda, basi. Panalibe za ndale, panalibe za mkango.

Mwanayo adabadwa cha m'ma 1898, ngakhale boma lake lomwe linkalemba 14 May 1906, kusonyeza kuti kudula zaka sikudayambe ndi osewera mpira. Ku mishoni adatolako dzina la Hastings, potengera mmishonale wa ku Scotland John Hastings. Adayenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia, n'kupitirira ku migodi ya ku Johannesburg, mu 1925 n'kuwoloka nyanja kupita ku America, komwe adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937. Adawonjezera ena ku Edinburgh, n'kuchiza odwala ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi. Kunja konseko anali Dr Hastings Banda. Kamuzu kaja kadali m'thumba, kudikira tsiku la 6 July 1958 pomwe mwini wake adatsika ndege pa Chileka.

Kuchokera tsiku limenelo kamuzu kaja kadayamba kuyanga. Mukafika m'dziko muno pa ndege mumatera pa Kamuzu. Mukadwala ku Lilongwe amakugonekani ku Kamuzu. Madzi omwe mumwere mankhwala achokera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde. Mukachira n'kufuna kuonera mpira ku Blantyre mukalowa m'bwalo la Kamuzu, ndipo mwina timu yobwera kudzasewera ndi ya asilikali a ku Kamuzu Barracks, omwe adatenga ligi mu 2016. Shire amayenda mopimidwa ndi zitseko za Kamuzu pa Liwonde, n'kudutsanso pansi pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa. Ku Salima kuli malo a malonda omwe dzina lake ndi Kamuzu Road, moti munthu amatha kutsika minibasi pa Kamuzu, m'thumba muli K1000 ya nkhope ya Kamuzu, pa tchuthi cha Kamuzu. Simenti yatenga dzinali, zitsulo zalitenga, ndalama zalitenga. Ana okha ndiwo adatsala.

Ine chimandiseketsa ndi cha sing'anga uja. Chipatala chachikulu cha likulu la dziko, chodzaza ndi madokotala omwe amakalipira odwala chifukwa choyamba adutsira kwa asing'anga, chikutchedwa ndi dzina la muzu wa sing'anga. Mu 2021 sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndiye kuti aliyense wotuluka kumeneko ndi digiri amanyamula pepala lokumbukira mizu ya ku Kasungu. Ku Mtunthama nako, ana akhala akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki pa Kamuzu Academy chiyambire 1981. Palibe sing'anga wina m'dziko muno amene ntchito yake idalengezedwa chotere, ndipo palibe ngakhale chikwangwani chimodzi chomutchula.

Nanga bwanji makolo sadalikhumbire? Taganizani muli m'chaka cha 1975. Mwini dzina ndi Ngwazi, Nkhoswe ya amayi onse, Pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971. Pamsika anyamata a Youth League akufunsa khadi la chipani, apayoniya ali paliponse, ndipo makoma ali ndi makutu. Inu mwatcha mwana wanu Kamuzu. Mwana ndi mwana, achita zomwe ana amachita. M'mamawa mayi atulutsa mphasa kukayanika, mnzawo wa khomo loyandikana n'kufunsa kuti kwagwanji. Ayankha bwanji? Kuti Kamuzu wakodzanso pogona? Madzulo shuga wachepa m'chitini. Mayi ayima pakhonde n'kukuwa mudzi wonse ukumva kuti, "Kamuzu, ndiwe wakuba iwe! Ubwere kuno ndikukwapule!" Mawu amenewo akadatha kumufikitsa munthu ku Mikuyu ndiwo zisadapse n'komwe. Mphunzitsi naye akadalemba bwanji pa lipoti kuti Kamuzu walephera masamu ndipo abwereze kalasi? Mwana wotere sakadalangika, sakadatumidwa kuchigayo, sakadametedwa mpala. Makolo anzeru adaona patali kuti ulemu woterewu ndi wolowetsa m'mavuto.

Ndiye adachita mochenjera. Mwa mayina atatu a mkuluyo, adagawana awiri. A Hastings ali mbwee, m'maofesi, m'matchalitchi, m'magalaja. Za a Banda ndiye osanena: adalipo kale iye asadabadwe, ndipo dzinalo lidalamulanso dziko lino kudzera mwa Joyce Banda, n'kulamulanso Zambia kudzera mwa Rupiah Banda, popanda wina kuopa kuti akulanda za mwini. Dzina lochokera ku Scotland tidalitenga momasuka. Lathu lenileni, la m'nthaka ya ku Kasungu, tidalitchingira mpanda.

Kenako nkhonya zidabwera, monga mwambi udanenera. Anthu atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya 14 June 1993, Bakili Muluzi n'kupambana chisankho cha 1994, dzinali lidayamba kufufutidwa pamakoma. Bwalo la ndege lidakhala la Lilongwe, chipatala chimodzimodzi, bwalo la mpira n'kukhala la Chichiri, ndipo msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe udapatsidwa kwa Masauko Chipembere, munthu amene adamwalira kunja atathawa ulamuliro wa Kamuzu yemweyo. Mwini dzina adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 adabwezera dzinalo pa bwalo la ndege, pa chipatala ndi pa bwalo la mpira, ndipo mu 2006 manda aulemu adatsegulidwa ku Lilongwe. Olemba zikwangwani ndi omwe adadyapo bwino. Koma khoma mukhoza kulipenta kawiri, katatu. Mwana wa zaka khumi mukadamutani, kumusintha dzina boma likasintha?

Lero palibe amene angamangidwe chifukwa chokalipira Kamuzu wa pakhomo pake, koma nkhonya zake zangosintha mtundu. Mnyamata wa dzinali akapereka chitupa cha unzika kwa ejenti kuti atape ndalama za pafoni, ejentiyo sangawerenge mwakachetechete. Awerenga mokweza, ndipo mzere wonse usanduka msonkhano. Gogo wina ayamba kusimba kuti nthawi ya Kamuzu feteleza ankapezeka ku ADMARC, misewu idalibe maenje, anyamata sankasunga tsitsi. Bambo wina kumbuyo ayankha kuti mchimwene wake adatengedwa usiku osabwereranso, ndipo amayi ankasiya ntchito zawo kukavina. Onse awiri akuyang'ana mnyamatayo ngati ayankhepo, chonsecho iye wabwera kudzatapa ndalama yogulira bando. Akalemba dzina lake pa Google, masamba oyamba onse ndi ndege, odwala ndi zigoli. Akatumiza uthenga kwa mtsikana kuti "ndine Kamuzu", mtsikanayo ayesa ndi akuba a pafoni omwe atha nzeru. Ngakhale chibwenzi chitatheka, tsiku lomwe mtsikanayo adzauze kwawo kuti adachedwa chifukwa adali kwa Kamuzu, mayi ake adzafunsa kuti akudwala ndani.

Alipo ochepa omwe adalisenza mpaka kukula nalo. Loya Kamuzu Chibambo adaimira chipani cha PETRA pa chisankho cha pulezidenti mu 2009 ndi mu 2014. Apa ndiye dzina lija lidabwerera pa pepala lovotera, anthu omwe amalumbira tsiku ndi tsiku kuti Kamuzu atabweranso angamuvotere ali pamzere, koma mavoti adapita kwina. Zikuoneka kuti Kamuzu amene anthu amamufuna ndi wa chipewa ndi litchowa yekha uja.

Mwambo wotcha mwana potengera chomwe chidathandiza kuti abadwe ndiwo ndikuona kuti tisautaye, kungoti mizu yachepa, anthu akupita kuchipatala. Banja lomwe lidadikira zaka zisanu, dokotala n'kulithandiza, likhoza kutcha mwana Kajakisoni, kapena Kapilisi ngati adali a kumwa. Intaneti singakupatseni mayina amenewa, ndipo m'kalasi sadzapezeka wina. Amene akufunabe la ku Kasungu lenileni, Kamnkhwala likadali pomwepo, lopanda bwalo la ndege, lopanda damu, lopanda tchuthi. Mwana wake mukhoza kumukalipira pakhonde mmene mungafunire, vuto lidzangokhala tsiku lomwe adzakule n'kukapempha ntchito ya utsogoleri wa kwaya.