Ndowe Zapanjira N'za Yani?

Chikwerereni mtengo wa feteleza, zinyalala zalemekezeka kuno ku Chongwe. Munthu akafunsa mtengo wa thumba la D compound n'kutuluka m'shopu osatsanzika, m'pamene amakumbukira zimene a ku Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya alimi imene ansembe a Jesuit anatsegula mu 1974, akhala akulalikira: manyowa safuna ndalama, amafuna mapesi, masamba, ndowe, phulusa pang'ono, madzi ndi mpweya. Tsoka lake, aliyense anatolapo mawu amodzi n'kuthamanga nawo.

Mlamu wanga wokhala ku Lusaka anamva zoti anthu ophunzira amapangira kompositi mu mgolo. Anagula mgolo wapulasitiki watsopano, kondakitala wa minibasi n'kuulipiritsa mpando wakewake. Zibowo anakana kuboola, ati ungaonongeke. Ankathiramo mkute, mafupa a nkhuku, mitu ya nsomba, ngakhale timapulasitiki ta pamela. Patatha mwezi, mkulu wina woyandikana naye anafika atavula chipewa.

"Pepani achimwene, tamva fungo. Ndi mbuzi iti yatisiya?"

Atavundukula anapeza phala lakuda, mapulasitiki akuyandama ali bwinobwino. Mgolowo anautsuka, lero amafululiramo munkoyo, ndipo alendo sitiwauza mbiri yake.

Amalume a ku Kanakantapa anasankha dzenje, poti dzenje limangodya khasu ndi msana, komanso limasunga chinyezi nyengo yopanda mvula. Anakumba lofika m'chiuno, pansi n'kuyala mapesi oduladula, pamwamba masamba aawisi, kenako ndowe, kenako dothi ndi phulusa, kuwaza madzi, n'kubwerezanso mpaka kudzaza. Manyowa otere akayamba kupsa amatentha ndithu. Ndiye usiku wina wa June, kuzizira kochita kuluma makutu, bambo wina wochokera ku kachasu anasochera n'kugwerapo. M'mawa amalume anamupeza akuliza mkonono, atafunda udzu wovundikira.

"Dzukani, mwagona pa manyowa anga!"

"Musakalipe, akulu. Kunyumba kwanga kulibe bulangeti lofunda chonchi. Mawa malo alipo?"

Amalume anamuuza kuti lendi yake ndi kutembenuza manyowawo pakatha milungu itatu iliyonse. Sanabwerenso.

Koma nkhani imene inafika mpaka kwa amfumu ndi ya ndowe. Mayi wina wopanda khola anayamba kutsatira ng'ombe za mnzake pobwerera kudambo, ndowa ili m'manja. Mwini ng'ombe anakadandaula kuti akumubera. Mayiwo anayankha kuti ng'ombezo n'zomwe zinamaliza mapesi m'munda mwawo atangokolola, choncho iwo akungotenga chenje. Bwalo linadzaza. Ena amati ndowe zimatsata mwini ng'ombe, ena amati zimatsata mwini mapesi, mnyamata wina n'kufunsa ngati ng'ombezo ziitanidwe zidzanene zokha. Amfumu anakhosomola kaye.

"Ng'ombe n'zanu, palibe akutsutsa. Zimene zasiya m'khola n'zanu. Koma zimene zasiya panjira zasiya mwa kufuna kwawo. Ngati zikukupwetekani, muzizilangiza zisanatuluke."

Kuyambira tsiku limenelo mwini ng'ombe uja amatsatira yekha ng'ombe zake ndi wilibala, ndipo njira ya kudambo sinayerepo chonchi.

Mtsikana wina wokwatiwa kumene anapanga mulu wake kuseri kwa nyumba, poti m'nyengo ya mvula dzenje limadzaza madzi. Anazika ndodo pakati pa mulu monga anaphunzirira. M'mamawa uliwonse ankaizula, kuigwira, kuinunkhiza, n'kuibwezera. Ndodo ikatentha ndi kunyowa ndiye kuti zikuyenda. Ikazizira n'kuuma, mulu ukufuna madzi ndi kutembenuza. Apongozi ake aakazi ankaonerera pazenera, mtima uli m'mwamba. Tsiku lina anaitana mwana wawo pambali.

"Mwanawe, mkazi wako uja amaombeza. Ndamuona ndi maso angawa akukambirana ndi ndodo."

Anaitanitsa akulu a mpingo kuti adzapempherere muluwo. Akuluwo anafika, anamva nkhani yonse, mmodzi n'kuzula ndodo, kuigwira, n'kufunsa kuti, "Mayi, phulusa mumathira lochuluka bwanji?" Pemphero linasanduka phunziro. Lero apongoziwo ali ndi mulu wawo, ndodo ziwiri.

Womaliza ndi msuweni wanga, munthu wa mawamawa. Chilala cha 2024 chitatiphunzitsa kuti nthaka ya manyowa imasunga madzi, analumbira kuti ayamba. Mapesi anaunjika, koma anyamata ake anawatentha posaka mbewa, ndiwo yake yosakwana n'komwe mbale imodzi. Anadzasonkhanitsa ena pa tsiku la Chakwela Makumbi, pomwe mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, ikupempha mvula. Nditamuuza kuti manyowa amafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti apse, anayang'ana kumwamba, mitambo itayamba kale kusonkhana.

"Nanga palibe amene angakanong'oneze amfumu kuti apemphe mvula ya February?"

Inu a ku Chongwe, Chalimbana ndi Kasisi, mulu wanu uyambeni mukangokolola, mapesi asanalowe m'mimba mwa ng'ombe za eni. Ndipo dzenje muzikumba kutali ndi njira ya kumowa.