Ulemu kwa Mlendo Wonyamula Nkhwangwa

Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alipo mlendo wina, wochokera ku zisumbu za Hebrides ndi ku Argyll m'dziko la Scotland, amene adakana kukamuka kwa zaka zoposa 300, ndipo ine ndiyesa n'koyenera kumuombera m'manja lero, pakuti alimi a ku Ireland amene ankamudyetsa adaiwala kutero.

Taonani ulemerero wa kabweredwe kake! M'chaka cha 1259, pamene Aedh O'Connor, mwana wa mfumu ya Connacht, adakwatira mwana wamkazi wa Dubhghall MacRory, apongozi akewo adamuninkha asilikali aganyu 160, aja otchedwa gallowglass, anthu ovala malaya a unyolo wachitsulo ofika m'mawondo, osenza paphewa nkhwangwa yotalika ngati mwini wake. Indetu mlendo adza ndi kalumo kakuthwa.

Nanga ankagona kuti? Mfumu yomulemba ganyu inkakhala m'nsanja yake yamiyala, ya mazenera opapatiza ndi makwerero ozungulira, yokhala ndi kauna pamwamba pa khomo kogwetsera miyala paliwombo pa wolowa osaodira. Koma poona kuti m'menemo n'mothina, ndiponso posafuna kudya yokha dalitso lotere, idalamula kuti msilikali azisungidwa m'nyumba ya mlimi, pamodzi ndi anyamata ake omunyamulira zida, ndi kuti azipatsidwa batala, phala ndi nyama popanda kulipira kanthu. Alipo ena osayamika amene ankadandaula kuti khola likutha. Amenewo sadazindikire nzeru yakuya ya mlonda wawoyo, pakuti m'dziko limene mafumu ankalandana ng'ombe usiku ndi usana, ng'ombe yokhayo imene mbala sikadaiba ndiyo yomwe idalowa kale m'mimba mwake.

Tsankho analibe, ndipo nkhwangwa yake inkatumikira yense wokhoza kulipira. Pa nkhondo ya ku Knockdoe pafupi ndi Galway, m'chaka cha 1504, iye adaima kumbali ya Gerald FitzGerald naimanso kumbali ya mdani wake Ulick Burke, nadzitema yekha mokhulupirika mpaka mitembo idaunjikana paphiri.

Khama lotere silikadapita pachabe. A banja la MacSweeney, ena mwa alendowa, amene makolo awo adataya Castle Sween kwawo ku Scotland, adatumikira mafumu a O'Donnell kufikira adapatsidwa dziko ku Donegal, nakhala m'linga la Doe pagombe la nyanja, ali ndi alimi awoawo oti aziwatumizira alendo.