Beetle ya 1966 inathera pa denga la malata

Kuli anthu akuluakulu, a ndevu zawo ndi ana awo, amene amagula galimoto ili zidutswazidutswa m'bokosi n'kukhala pansi milungu yathunthu akuilumikiza ndi guluu. Ikatha sikuti ikwereka ayi. Imakwana m'dzanja limodzi, ndipo ntchito yake ndi kukhala pa shelefu mwini wake n'kumaiyang'ana. Kale ndikamva zimenezi ndinkaseka, ndinkati ndi matenda a anthu okhuta. Masiku ano sindiseka, chifukwa ndinayesako, ndipo zimene zinachitika pakhomo panga ku Chilomoni amayi akuzikambabe pa mpopi.

Anaziyamba ndi alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anatopa nane chifukwa tikangokhala pansi ndinkayamba nkhani ya malemu amalume, a hedimasitala, amene anali ndi Volkswagen Beetle. Tili ana tinkadabwa nayo galimoto imeneyo: ukatsegula kutsogolo umapeza tayala la sipeya ndi malo a katundu, injini ili kumbuyo, ndipo sinkamwa madzi chifukwa inkazizira ndi mpweya. Tsono alamu atabwera ku tchuthi ananditulira bokosi la kampani ya Tamiya, ya ku Shizuoka ku Japan. Pamwamba panali chithunzi cha Volkswagen 1300 Beetle ya 1966, pakona atalemba 1/24. Anandifotokozera kuti chilichonse pa galimotoyo achichepetsa ka 24. Yeniyeniyo ndi yotalika mamita anayi ndi pang'ono, ndiye yangayo ikatha ikhala ya masentimita 17. Anawonjezera kuti ku South Africa komweko, ku Uitenhage, ankazimanga galimotozi kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza pa dziko lonse inatuluka ku Puebla ku Mexico mu 2003, zitakwana zoposa 21 miliyoni. Anthu anamanga zenizeni 21 miliyoni, zoyenda pamsewu. Ine anandipatsa imodzi yapulasitiki.

"Alamu, musaiyambe," anatero akukwera basi. "Guluu wake ndi penti yake ndi zapadera, ndibwera nazo pa Khirisimasi. Pakadali pano muzingowerenga pepala lili m'katimo."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Alamuwo sankadziwa kuti akuyankhula ndi ndani. Ine ndili mwana ndinali katswiri wa magalimoto a mawaya mudzi wonse. Waya wotola ku mpanda wa esiteti, matayala a zitini za polishi ya nsapato, mphira wa chubu cha njinga womangira, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno: ndinkapanga mpaka lole ya ngolo, anzanga n'kumandilipira chimanga chokazinga kuti ayendetseko. Munthu wotere auzidwe kuti adikire guluu? Chimene ndinaiwala n'chakuti waya ukaupinda molakwa umauwongola n'kuyambanso. Pulasitiki sadziwa kukhululuka.

Usiku womwewo ndinatsegula bokosi. Tizidutswa tonse tinali tolumikizidwa ku timafelemu tapulasitiki, tina toyera, tina tonyezimira, tina ta galasi. Pepala lija linali m'Chijapani, Chingerezi, Chijeremani ndi Chifalansa, ndipo ndinaliika pambali mosakondera chiyankhulo chilichonse. Ndinaona kuti chanzeru ndi kuyamba ndathothola tizidutswa tonse kuti ntchito iziyenda msanga. Ndinatipotokola ndi zala kamodzikamodzi n'kutiunjika m'mbale ya ndiwo. Nditamaliza m'pamene ndinazindikira kuti nambala ya kachidutswa kalikonse imalembedwa pa felemu, pambali pake, osati pa kachidutswako. Pepala likati mata 14 pa 22, ine ndinali ndi mbale yodzaza ndi tinthu topanda maina, ndi mafelemu opanda kanthu okhala ndi manambala onse bwinobwino.

Guluu ndinakagula pa okala, supaguluu uja timamatira nsapato zikasomphoka. Guluu weniweni wa ntchitoyi, monga ndinamvera mochedwa, amapakidwa ndi kaburashi kakang'ono, amasungunula pulasitiki pang'ono chabe kuti zidutswa ziwiri zikhale chimodzi, ndipo amakupatsa mpata wosuntha chinthu chisanagwire. Supaguluu sapereka mpata. Mpando wa dalaivala unagwira utapendekera kukhomo. Mpando wakumbuyo unagwira ku chala changa chachikulu, ndipo ndinadya nawo nsima usiku umenewo, ana akuyang'ana pansi kuti asaseke. Mayi a kunyumba anaumatula ndi madzi ofunda ndi sopo, osanena kanthu. Kusanena kanthu kwawo ndimakudziwa.

Kenako ndinaona cholakwika chimene Ajapani sanachione. Chiwongolero chinali kumanzere, pamene ya amalume chinali kumanja monga galimoto zathu zonse kuno. Ndinatenga msomali, ndinauwotcha pa mbaula, ndinaboola dashibodi mbali inayo. Bowo linatuluka lalikulu loti chiwongolero chinangolowa chonse n'kugwera pansi pa mipando. Ndinachimata ndi supaguluu wambiri. M'pamene ndinakumbukira kuti wotchi ya liwiro ndi mapedulo zatsala kumanzere. Galimoto yanga inafunika madalaivala awiri, wina wokhota, wina woponda buleki.

Za kagalasi koonera kumbuyo sindichedwapo. Ndinakapana ndi chozulira nsidze cha mayi a kunyumba, kanathawa, kanadumphira pakhonde, ndipo nkhuku ya eni nyumba inafika msanga kuposa ine.

Magalasi ndiwo anandiliza. Ndinawamata bwino ndithu, ndinagona wokondwa. Kutacha onse anali mbuu, osaoneka m'kati. Supaguluu akamauma amatulutsa mpweya umene umakakamira pa pulasitiki woonekera n'kusiya choyera chosachoka. Odziwa amamata magalasi ndi guluu woyera uja wa akalipentala, amene akauma saoneka, ndipo amawamata komalizira, penti itauma kale. Ine ndinali ndisanapente n'komwe. Ndinadzitonthoza kuti ngoziyi yabisa za madalaivala awiri zija.

Penti ndinakagula ku Limbe, m'sitolo ya zitsulo, chitini chopopera cha mtundu wofiira. Wogulitsa anandifunsa ngati ndikupenta njinga kapena geti. Ndinati galimoto, ndipo anandiyang'ana ndi ulemu umene sindinauonepo chibadwire. Zimene anzathu amachita ndi izi: amatsuka bodi ndi sopo kuchotsa mafuta a ku fakitale, amapopera penti yoyamba yogwiritsa, kenako mtundu weniweniwo pang'onopang'ono, ali chapatali, kudikira iume asanabwerezenso. Ine ndinaphimba magalasi ndi selotepi, ndinaika galimoto pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndinayandikira, ndinapopera mpaka penti inayamba kudontha m'mabampa. Unali mwezi wa Okutobala. Kamphepo kanadutsa ndi fumbi la Chilomoni yense, ndipo ntchentche imodzi inatera pa boneti n'kukhazikika pomwepo mpaka kalekale. Patapita kanthawi denga linayamba kuchita makwinya. Penti ya zitsulo ili ndi mankhwala aukali amene amadya pulasitiki wa mtundu umenewu, ndipo inali itayamba kale kudya.

Apa munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinalowa kuchipinda n'kutenga kabotolo ka mayi a kunyumba kochotsera utoto wa m'zikhadabo. Ndinaganiza kuti chochotsa utoto pa chala sichingalephere pa galimoto. Chinachotsadi. M'kabotolomo muli asetoni, ndipo asetoni amasungunula pulasitiki ameneyu mosachedwa. Thonje linakakamira padenga, denga linafewa, ndipo chidindo cha chala changa chinatsala pamenepo chooneka bwino kuposa cha pa chitupa cha unzika.

"Abambo, kabotolo kanga kali kuti?"

"Ndabwereka pang'ono."

Anayang'ana kabotolo kopanda kanthu, anayang'ana galimoto, anayang'ana pepala lija lili pansi pa mwendo wa tebulo pomwe ndinaliika kuti tebulo lisagwedere. "Safunsa anadya phula," anatero, n'kubwerera kukhitchini.

Mawu amenewo anandipsetsa mtima, ndipo mtima ukapsa ine ndimagwira ntchito mwachangu. Ndinapala denga ndi sandipepa wa matabwa, ndinapoperanso penti yotsala, ndipo pofuna kuti iume fumbi lisanabwerenso ndinakwera pa mpando n'kuika galimoto pa denga la malata la bafa. Nthawi inali itangopitirira 11 koloko m'mawa. Ndinati ndikaponye bawo pang'ono kwa aneba. Aliyense amene anapondapo malata opanda nsapato mu Okutobala akudziwa zimene ndinapeza pobwerera. Denga la galimoto linali litalowa m'kati, zitseko zitaphwasukira kunja, matayala akutsogolo atayang'anizana. Inkaoneka ngati mbatata yootcha imene wina waikhalira. Ntchentche ija yokha ndiyo inali pamalo pake.

Ndikutsika pa mpando, mwana wanga wachisamba, wa Sitandade 7, anabwera atafumbata kanthu.

"Adadi, taonani."

Inali injini. Masiku onse amene ine ndinkalimbana ndi bodi, iye ankatola tizidutswa m'mbale ija, n'kumatifananitsa ndi zojambula za pa pepala limene ankalisolola pansi pa tebulo ine ndikachoka. Supaguluu yemweyo ankamutapa ndi nsonga ya ndodo ya machesi, kadontho kamodzi basi. Zonse zinali m'malo mwake: masilinda anayi ogona awiri uku awiri uku, chivundikiro cha fani, lamba, mapaipi a ekizozi. Ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna polakwika. Ndinamuuza kuti wachita bwino ndithu poti ndi koyamba, ndipo kuti luso lotere limayenda m'magazi. Amayi ake anatsokomola kukhitchini.

Alamu akhala akufunsa chithunzi pa WhatsApp. Poyamba ndinkati netiweki ikuvuta, kenako ndinati foni yagwa m'madzi, mpaka mlongo wawo anawatumizira yekha, cha galimoto ndi cha injini, osalembapo mawu alionse. Anaimba madzulo ake. Anaseka mpaka mayunitsi anawathera, anaimbanso. Akuti agula kale bokosi lina, Jaguar E-Type ya kampani ya Revell, ya 1/24 yomweyo, pamodzi ndi guluu wake ndi penti yake, ndipo abwera nazo pa Khirisimasi. Bokosilo ndi la mwana wanga uja. Ine andilola kukhala nawo patebulo, koma ntchito yanga ndi kugwira pepala ndi kuthamangitsa nkhuku.