Amalume, musanakwere basi ya ku Joni

Okondedwa Amalume,

 

Mawu anu a pa WhatsApp ndawamva, oti penshoni yatuluka ndipo mukufuna kubwera kudzaona Joni ndi maso anu, kungoona basi n'kubwerera. Nditawauza anzanga kuno ku Mayfair anaseka mpaka kugwira nthiti. Musakhumudwe nazo. Pa Beitbridge Mmalawi aliyense amati akudzaona malo, ndipo ambiri mwa odzaona malowo akadali konkuno, akutchetcha kapinga ku Randburg ndi kuyika matailosi ku Midrand. Inuyo mudzakhala mukunena zoona, koma muli ndi ntchito yoti muoneke ngati munthu wobwerera kwawo.

Yambani mwaitulutsa pasipoti m'sutikesi muja mumasunga masatifiketi. Onani tsiku lomwe idzathe mphamvu: amafuna kuti mukadzamatuluka kuno ikhale ikadali ndi masiku osachepera 30. Muwerengenso masamba opanda kanthu. Ulendo wa pa basi umadya zidindo 6 pobwera pokha: potuluka pa Mwanza, polowa pa Zobue, potuluka pa Cuchamano mutaoloka Zambezi ku Tete, polowa pa Nyamapanda, ndiye ziwiri pa Beitbridge, china tsidya lino la Limpopo china tsidya linalo. Pobwerera ndi chimodzimodzi. Pasipotiyo izikhala m'thumba la m'kati mwa jekete, osati m'chikwama chomwe chili mu ngolo kumbuyo kwa basi pansi pa matumba a eni ake.

Viza siikufunika. Amalawi timaloledwa masiku ofika 30, koma tamverani bwino apa: akakudindirani, musachoke pa windo musanavale magalasi n'kuwerenga tsiku lomwe alemba. Nthawi zina amapereka masiku ochepa, ndipo lomwe lili pa chidindo ndilo lamulo, osati lomwe lili m'mutu mwanu. Kuyambira 2014, munthu akapitirira ndi masiku ochepa amamuletsa kulowanso kwa chaka, akapitirira ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. Apolisi akakupezani m'tauni masiku atatha, malo otchuka omwe mungaone ndi Lindela ku Krugersdorp, ndipo kumeneko sajambulitsa zithunzi zoika pa khoma.

Akadzakufunsani komwe mukupita, musayankhe kuti "kwa muphwa wanga", ngati kuti mzinda wonse ukundidziwa. Ndikutumizirani adiresi ndi nambala yanga, mulembe pa pepala, chifukwa foni yanu idzasiya kulankhula mukangodutsa Zobue. Tikiti ikhale ya kupita ndi kubwera. Ndipo chonde yankhani zomwe afunsa zokha. Ndikukudziwani, Amalume. Munthu atakufunsani masiku omwe mukhale, inu mukhoza kuyamba za agogo omwe anabwera pa Wenela kudzakumba golide mpaka Kamuzu ataletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Mbiriyo ndi yoona, koma kumbuyo kwanu kudzakhala anthu a mabasi 10 omwe sanagone.

Ndalama musinthiretu ku banki ndipo risiti musunge. Kwacha kuno ngakhale wogulitsa nthochi saiyang'ana. Mukhalenso ndi timarandi tating'onoting'ono ta m'njira, poti ngakhale chimbudzi n'cholipira, ndipo pa masiku awiri a ulendo mudzachifuna kangapo.

Tsopano nkhani ya katundu, yomwe ndikuiopa kuposa zonse. Zikangomveka kuti mukubwera, mudzi wonse udzakumbukira kuti uli ndi mwana ku Joni. Uyu adzabwera ndi usipa, uyu ndi nandolo, wina ndi kachithumba komangamanga koti "n'ka mankhwala a m'mimba". Kanani. Zanyama, zomera ndi mbewu salola kulowa nazo popanda chilolezo, ndipo chinthu chomwe simunachione m'kati musanyamule ngakhale wakupatsani ndi mkulu wa mpingo. Komanso taganizani: ndani angakhulupirire kuti munthu wasenza thumba la ufa la makilogalamu 50 akudzakhala masabata awiri? Siyaninso tepi yopimira ija simusiyana nayo. Akaiona adzati mmisiri wabwera kudzafuna ganyu. Valani jekete yanu ya uphunzitsi, mukoloweke kamera pakhosi ngakhale inafa kale.

Mukanamvera ine, December mukanamupewa. Mzere wa pa Beitbridge nthawi ya Khrisimasi umakhala ngati wa feteleza wa makuponi pa Admarc, kungoti dzuwa lake ndi la ku Nsanje. Mukasankha June, tengani chijuzi chenicheni, kuno madzi amaundana m'mabeseni panja.

Za Table Mountain yomwe mwaiika pamwamba pa mndandanda wanu, ili ku Cape Town, makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera kuno. Mapiri omwe ndingakuonetseni ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Koma ku Soweto tipita, mukaone msewu wa Vilakazi komwe kuli nyumba ya Mandela ndi ya Desmond Tutu, kenako ku Sandton mukajambulitse pa chiboliboli cha Mandela kuti a kumudzi asadzakutsutseni.

Mukafika pa Park Station musapatse chikwama aliyense wokuitanani kuti "malume". Kuno mawu amenewo amaitanira mwamuna aliyense wa imvi. Khalani pomwepo mpaka muone nkhope yanga. Bedi ndikusiyirani, ine ndigona pansi, koma masiku 14 okha monga mwanenera. Botolo la tsabola wa Nali, losatsegula, limenelo mukhoza kunditengera.

Ndine muphwa wanu,
Yohane