Kulipira Ndalama Kuti Utope

Mu Lilongwe mwabuka matenda achilendo, ndipo akugwira anthu a kangachepe okhaokha. Munthu woti sabata yonse sangayende wapansi kuchoka pa ofesi kukafika pa chiwaya, likakwana Loweruka amadzuka tambala woyamba, n'kuthira mafuta odulawa m'galimoto, ulendo wokasaka phiri loti akwere. Ena amalowera ku Nkhoma, ena ku Bunda, amantha amakazungulira tinjira ta ku Lilongwe Wildlife Centre. Pamwambapo palibe munda wawo, palibe chigayo, palibe maliro. Amangojambulitsa n'kutsika.

Ine kwathu ndi ku Dowa, kumene phiri sachita kulisaka. Limakudikira pakhomo. Popita kusukulu chinali chitunda, popita kuchigayo chitunda, ndipo mwa matsenga ena ake pobwerera chinalinso chitunda. Sukulu ndinailimbikira kuti ndidzakhale malo athyathyathya okwera minibasi. Zinatheka, ndipo kamimba kanabwera kudzachitira umboni.

Kamimbako ndi kamene kanandigulitsa. Anzanga a kuntchito anandiponya m'gulu la okwera mapiri pa WhatsApp osandifunsa, mayi a kunyumba n'kuvomera m'malo mwanga. "Pitani bambo, mwina lamba uja n'kuyambanso kukukwanani." Nsapato ndinakagula pa kaunjika. Zinkaoneka kuti mapiri zinakwera kale ku Ulaya, kuno zinabwera kudzapuma pa ntchito.

Mkulu wa gulu anati tiyambire phiri la ku Dzaleka, kongotenthetsa miyendo. Malowa ali pa mtunda wa makilomita 40 ndi kanthu kuchoka mu Lilongwe, pa msewu wochokera ku Lumbadzi kulowera ku boma la Dowa. Ife akale dzinali tinkalitchula monong'ona, chifukwa nthawi ya Kamuzu kunali ndende ya anthu a milandu ya ndale, ndipo wopita kumeneko sankachita kulembetsa yekha. Mu 1994 boma ndi bungwe la UNHCR anasandutsa malowa kukhala msasa wa anthu othawa kwawo. Anakonzera anthu 10,000 kapena kupitirira pang'ono, koma lero muli oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Ethiopia ndi Somalia. Kuyambira 2014 anthu a m'tauni anayamba kudziwako njira chifukwa cha Tumaini Festival, yomwe anayambitsa mlakatuli Menes La Plume. Amenewo ali ndi nzeru: amapita kukavina pamalo athyathyathya.

Tisanafike n'komwe pakati pa phiri ndinali wefuwefu, malaya ali nyowe, mawondo akukangana okhaokha. Mbuzi zinandipitirira. Ana osavala nsapato anandipitirira. Kenako anandipeza bambo wina wa ku Congo, Baibulo lili kukhwapa, akupita kokapemphera. Anandiyang'ana mwachifundo n'kufunsa m'Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili ngati pamwambapo pali m'bale wanga amene akudwala. Ndinati ayi. "Nanga mukukatani, bambo?" Ndinati kukangofikako basi. Ndinatsala pang'ono kumudandaulira za matuza akuphazi, koma ndinakumbukira kuti ndikuyankhula ndi munthu amene anadutsa malire a mayiko kuti afike pamene ine ndafika pa galimoto ya mnzanga. Matuza ndinawasungira mayi a kunyumba.

Pamwamba tinaona madenga a msasa ali mbwee mpaka uko, mphepo ya ku Dowa ikutilowa m'mafupa. Titatsika ndinakhala pa benchi mumsika n'kudya chapati ndi nyemba mwaukali, kubwezeretsa chilichonse chimene phiri linandilanda.

Walira mvula walira matope. Gulu litaona kuti sindinafe, linandilemba pa ulendo wa ku nkhalango ya Ntchisi. Kumeneko ndiye kulibe masewera. Chakumtunda kwa nkhalangoyi kuli mitengo yothithikana moti masana kumachita kamdima. M'mphepete mwake muli nyumba yomwe inamangidwa mu 1914 kuti bwanamkubwa wachitsamunda azikhalamo, lero ndi malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge. Mzunguyo anasankha bwino malo, ndipo ndikukayika ngati katundu wake ankanyamula yekha.

Anatiperekeza ndi mnyamata wa m'mudzi wapafupi, atavala patapata. Ife nsapato zazikuluzikulu, ndodo, mabotolo a madzi. Iye manja lendee, akufotokoza mbiri osapuma n'komwe. Anati m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'nkhalango muno Angoni akabwera ndi nkhondo. Ndinaima n'kugwira mtengo. Ndiye kuti makolo anga chitunda chimenechi ankachikwera chothamanga, ana kumbuyo, nkhuku kukhwapa. Angoniwo akanatulukira tsiku limenelo, ine ndikanangowauza kuti ndigwireni ndithu, bola mundinyamule.

Anationetsa kachere amene mbewu yake imasiyidwa ndi mbalame pa nthambi ya mtengo wina. Amamera m'mwamba momwemo, n'kutsitsa mizu pang'onopang'ono, kuukumbatira mtengowo mpaka kuufinya, kenako n'kutsala yekha, mkati muli mphako. Anzanga ankadabwa. Ine sindinadabwe, chifukwa ndinatengapo katapila. M'mwamba anchima ankadumpha m'nthambi, pansi panali mapazi a nguluwe ndi a mbawala. Ati nthawi ya dzinja kumachuluka bowa ndi maluwa osowa, koma amene amaona zimenezi ndi anthu amene maso awo sanachite chidima.

"Tatsala pang'ono, madala," anatero mnyamata uja. Mawu amenewa anawabwereza mpaka ndinayamba kukayikira za kubadwa kwake. Titafika pamalo oonera patali, anzanga anakuwa kuti nyanja ikuoneka kummawa. Ndikuvomereza kuti inalipo. Ine ndinali chagada, kuona mitambo.

Pamene ndinadzuka ndinaona chinthu china chimene pa chithunzi sachiika. Nkhalango ikangotha, mapiri enawo ndi ampala, ometedwa ndi nkhwangwa. Ndinayamba kutukwana otentha makala mumtima, mpaka ndinakumbukira thumba lili kuseri kwa chitseko kwathu, lodikira kuti magetsi azime. Ife a m'tauni ndi ochenjera: mkati mwa sabata timadya mitengo pa mbaula, Loweruka timalipira kukaona imene yapulumuka. Bola ndalama ya wotiperekezayo imauza a m'mudzi kuti mtengo woimirira nawonso umagula mchere.

Pobwerera ndinadzera kwathu, ndikuyenda chotsimphina. Amayi atamva kuti ndalipira ndalama kuti ndikwere phiri, anandigwira pamphumi. "Mwanangu, ndalama zakuchulukira? Munda wanga uli pamwamba pa chitunda, manyowa akusowa wonyamula, iwe n'kumakapatsa ndalama anthu a ku Ntchisi?"

Apo ndipo mutu unatseguka. Mvula isanayambe ndikutsegula njira yatsopano yokwera mapiri ku Dowa. Aliyense azidzalandira thumba la manyowa m'munsi n'kukatula pamwamba, ofuna kulimbitsa mapewa tidzawaonjezera la feteleza. Kujambulitsa ndi kwaulere. Ine mudzandipeza patsinde pa mango, ndikulemba malisiti.