Mmene mungalakwitsire popatsa mphaka mankhwala a njoka zam'mimba

Ku St Mary's, kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, mphaka ndi wantchito. Zinyalala zikakhala masabata osatoledwa, mapaipi a zonyansa akaphulika, makoswe amaswana, ndipo nyumba iliyonse imene ili ndi thumba la ufa pakona imafuna mlonda. Koma khoswe amene mphaka wadya akhoza kumusiyira njoka zam'mimba, ndipo pofuna kumuthandiza m'pamene ena amamuphera m'manja mwawo, pamene amamukonda. Njira yolakwikayo ndiilemba monga mmene imayendera, kuti mukadzayamba kuitsata muizindikire msanga.

Yambani ndi kudikira. Nenani kuti mphaka akudya bwino, ubweya ukuwala, ndiye alibe vuto. Dikirani mpaka tsiku limene adzasanze njoka yoyera pakhonde. Nthawi yonseyo mazira a njoka yotchedwa Toxocara cati akhala akutuluka ndi chimbudzi chake. Ndi aang'ono osaoneka ndi maso, ndipo m'dothi amakhala amoyo kwa zaka. Mwana amene akusewera pamchenga womwewo n'kudya osasamba m'manja, monga zimachitikira mipopi ikauma, akhoza kuwameza. Timphutsi take timayenda m'thupi la mwana, nthawi zina mpaka m'chiwindi kapena m'diso. Ichi n'chimene chimandiwawa kwambiri pankhani yonseyi.

Kenako gulani mankhwala opanda dzina. Pezani wogulitsa wam'mbali mwa msewu amene wakulunga mapiritsi m'kapepala, ndipo akati "awa amapha zonse, amayi", khulupirirani. Musafunse tsiku lothera mphamvu, musayang'ane ngati ali ndi nambala ya kaundula ya Medicines Control Authority of Zimbabwe, bungwe limene limavomereza mankhwala a anthu ndi a ziweto m'dziko muno. Mukatero simudzadziwa kuti njoka si zamtundu umodzi. Zobulungira, monga Toxocara ija, amapha ndi pyrantel kapena milbemycin. Zaphwatalala, za tapeworm, zimene tizidutswa take mumationa ngati mpunga pansi pa mchira kapena pansanza imene mphaka amagonapo, zimafuna praziquantel. Piperazine ndi wotchipa koma tapeworm saikhudza n'komwe. Mphaka wogwira makoswe amafunika piritsi lokhala ndi mitundu iwiri, monga Drontal wa amphaka kapena Milbemax.

Ngati mukufuna kulakwitsa kotheratu, musagule chilichonse. Gwiritsani ntchito zimene zilipo kale. Amalume anasiya botolo la mankhwala a mbuzi, mwana analandira piritsi la albendazole, galu anatsalako ndi ake. Ganizani kuti mphaka ndi galu wamng'ono, muchepetseko pang'ono basi. Albendazole akhoza kuwononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi a mphaka. Ivermectin wobaya ng'ombe ndi wamphamvu kwambiri moti kupyola muyezo n'kosavuta, ndipo kamwana ka mphaka kamayamba kudzandira, maso kuchita mdima, mwina osadzukanso. Mukaona utitiri, musambitseni m'dipi ya ng'ombe kapena mudonthezeni pakhosi mankhwala a galu okhala ndi permethrin. Pakapita maola ochepa ayamba kunjenjemera, dovu kukamwa, kenako kukomoka. Pomumvera chisoni, mupatseni Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol wa mu Panado ngati cha munthu: nkhama zimada, nkhope imatupa, mpweya umabanika, ndipo piritsi limodzi limapha. Mukatha zonsezi mudzati aneba amuthirira chiphe, chibale cha zaka n'kutha pa mlandu umene si wawo.

Kulemera kwake ingoyerekezani ndi maso. Musabwereke sikelo, musamuike m'chikwama n'kumuyeza. Drontal wa amphaka ndi piritsi limodzi pa makilogalamu 4 alionse, ndipo sapatsidwa kwa kamwana kosakwana masabata 6, koma inu patsani onse mofanana, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Popereka, perani piritsi, mulithire mumkaka, muike mbale imodzi pansi kuti amphaka atatu amwere limodzi, inu muzipita kumsika wa Chigovanyika. Wadyera amwa gawo la anzake, wamantha anunkhiza n'kuchoka chifukwa praziquantel amawawa, ndipo mkakawo amphaka ambiri aakulu umawatsegula m'mimba. Kapena mugwireni mwankhanza, mukankhe piritsi, mumusiye pompo. Mawa mukusesa mudzalipeza lonyowa kuseri kwa mpando. Amene amafuna kuti lilowedi amakulunga mphaka m'thawulo kusiya mutu wokha, amakweza mutuwo pang'ono, kutsitsa chibwano ndi chala, kuika piritsi kumapeto kwa lilime, kutseka kukamwa n'kusisita pakhosi. Mphaka akanyambita mphuno, kawirikawiri ndiye kuti wameza. Ena amangolibisa m'kachidutswa ka nyama kapena ka matemba onyowetsa, n'kuima pomwepo mpaka atadya.

Pomaliza perekani kamodzi n'kuiwala. Piritsi limapha njoka zimene zilimo tsikulo, silitchinga za mawa. Mphaka wamkulu amafunika kulandira kosachepera ka 4 pachaka, miyezi 3 iliyonse, ndipo wosaka tsiku ndi tsiku angafunike pafupipafupi kuposa apo. Tiana timatenga njoka kudzera mumkaka wa mayi wawo, choncho timayamba kulandira pa masabata 3, ndi mankhwala oyenera msinkhu wawo monga fenbendazole, masabata 2 alionse mpaka titaleka kuyamwa, kenako mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6. Mayi woyamwitsa naye amalandira. Utitiri musaulabadire: mphaka akamadzinyambita amameza utitiri umene wanyamula tapeworm yotchedwa Dipylidium caninum, ndipo pakangotha masabata ochepa tizidutswa tija tabweranso, inu n'kumati mankhwala anali abodza.

Ndikudziwa chimene chimatikankhira m'njira imeneyi: ndalama ndi yosowa, ndipo kulipira kombi chifukwa cha mphaka ena amakuseka. Koma Harare si kutali. Kuli bungwe losamalira zinyama la SPCA, kuli madokotala a ziweto, kuli masitolo a mankhwala a ziweto kumene mungafunse. Gwirizanani mabanja angapo a mumsewu umodzi, aliyense ayeze mphaka wake n'kulemba kulemerako papepala, mmodzi apite akagulire onse. Bokosi likhale lolembedwa kuti ndi la amphaka. Tsiku limene mwapereka mulilembe pakalendala, chimbudzi cha mphaka muzichotsa pamene ana amasewera. Ndipo ngati mwapereka kale dipi, permethrin kapena Panado, musadikire kuti kuche: thamangani naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, botolo kapena paketi ya mankhwalawo ili m'manja.